Mesenjala Wathu Sanali Chitsiru

Lolemba lina m'mawa, ndisanamwe n'tiyi yemwe, foni inayamba kunjenjemera patebulo ngati yagwidwa malungo. Uthenga woyamba unali wa tinkhope toseka tokhatokha. Wachiwiri unachokera kwa mnzanga amene timakhala naye moyandikana mu ofesi: "Aise, mwana wako uja watuluka panja osavala." Nditatsegula Slack, pulogalamu imene timatumizirana mauthenga mu ofesi, ndinamvetsa. Pa tchanelo chachikulu cha kampani, pamene pamalowa aliyense kuyambira abwana mpaka ana a ku koleji obwera kudzaphunzira ntchito, panali uthenga waulemu wonse wokumbutsa mkulu wina wa za malonda kuti malisiti a ulendo wake wa kunyanja sanaperekedwe, ndiponso kuti ndalama zimene anatenga sizikugwirizana ndi masiku amene anagona kumeneko. Uthengawo unayenera kupita kwa iye yekha, kuseri. Unakathera pabwalo.

Wolemba uthengawo sanali munthu. Anali agent wathu, pulogalamu ya AI imene tinaiika kuti izigwira tintchito totopetsa ta mu ofesi monga kukumbutsa anthu, kusonkhanitsa zimene zakambidwa pa sabata ndi kuyankha mafunso omwe aja amene amafunsidwa tsiku ndi tsiku. Tinamupatsa dzina loti Mesenjala, ndipo womulera ndinali ine. N'chifukwa chake mkulu wa malisiti uja atalowa pakhomo, nkhope ili ndwii, sanafunse njira kwa aliyense. Anafikira pa desiki panga.

Lero ndikulemba izi ndikuseka, chifukwa Mesenjala yemweyo ndiye wantchito amene anthu akulimbirana. Ubongo wake sitinausinthe, ndalama sitinaonjezepo. Chachikulu chimene tinasintha ndi kapepala.

Kuti nkhaniyi imveke, ndifotokoze kaye mmene Mesenjala amafikira pa Slack. Iye alibe zala, sangatsegule pulogalamu n'kuyamba kudina. Pakati pa iye ndi Slack pali kapulogalamu kakang'ono kamene timalemba ife, kamene timangokatchula kuti chida. Kuyambira mu Novembala 2024, pamene kampani ya Anthropic inatulutsa ndondomeko yotchedwa Model Context Protocol, mwachidule MCP, ambiri a ife timalemba zida zoterezi motsatira ndondomekoyo. Chida chilichonse chimadzionetsa kwa agent ndi zinthu zochepa kwambiri: dzina lake, mawu olongosola ntchito yake, ndi mndandanda wa malo oyenera kudzaza, ngati fomu ya ku banki. Agent saona code imene ili kuseri. Sadziwa zimene tinakambirana pa msonkhano wa Lachinayi. Sanakhalepo nafe pa nkhomaliro. Zonse zimene amadziwa za chidacho ndi zimene zalembedwa pa kapepala kameneko.

Tsono kapepala kanga kanali ndi mawu atatu: "Sends a message." Ndiko kuti chimatumiza uthenga. Ndinalemba mawuwo usiku, maso akulemera, ndikudziuza kuti ndidzakonza mawa, mawa limene aliyense wolemba code amalidziwa kuti silifika. Pansi pake panali malo awiri odzaza, channel ndi text, opanda ngakhale liwu limodzi lonena kuti mulowe chiyani. Choipitsitsa chinabisala m'kati: masiku oyamba ndikuyesa chidacho, ndinaika kamzere konena kuti ngati tchanelo sichikudziwika, uthenga upite ku tchanelo chachikulu. Ndinaiwala kukachotsa, ndipo pa kapepala sindinakatchule. Mesenjala atauzidwa kuti akumbutse mkulu uja za malisiti, analemba dzina la munthuyo pamalo a channel, monga aliyense woganiza bwino akanachitira. Chida changa sichinalizindikire dzinalo, chinanyamula uthenga n'kukaupachika pabwalo, kenaka n'kubwerera kwa Mesenjala n'kumuuza kuti zonse zayenda bwino.

Koma tsiku limenelo sindinadziwe zimenezi, ndipo sindinafune kuzidziwa. Mlandu wonse tinausenzetsa Mesenjala. Pa msonkhano wina anati AI ndi bodza la azungu ofuna kutidyera ndalama. Wina anati tigule ubongo wodula kuposa umene tinali nawo. Ndinayesadi wa kampani ina, ndipo nawonso unalakwitsa, kungoti unalakwitsa mwa mtundu wake, ndi Chingerezi chokoma. Kenaka ndinayamba kukalipa. Pa malangizo akuluakulu amene agent amawerenga poyamba ndinalemba ndi zilembo zazikuluzikulu kuti asadzayerekeze kutumizanso nkhani zachinsinsi pagulu. Mesenjala anamvera ndi mtima wonse, moti anayamba kuopa kutumiza chilichonse. Ukamupempha kuti alengeze kuti madzi akumwa afika, amayamba kupepesa.

Amene anatiwombola ndi mayi a pa resepishoni, munthu amene code saidziwa ndipo safuna n'kuidziwa komwe. Mayiwa anagwirapo ntchito ya usekilitale m'boma zaka zambiri asanabwere kwathu, masiku amene kalata inkayenda ndi miyendo ya mesenjala weniweni, wa yunifolomu ya khaki ndi njinga yakapalasa. Anandipeza madzulo ena ndikudandaula ndekha pa makina ofotokopera.

"Mwanawe, kodi mnyamata wakoyo umamutuma bwanji?"

Ndinayamba kuwafotokozera za seva, za API, za ma token. Anandidula.

"Zimenezo n'zako. Ine ndikufuna kuona chimene iye amalandira m'manja. Undisindikizire chimenecho chokha, usaonjezepo kanthu, ndipo ndikamawerenga utseke pakamwa."

Ndinasindikiza. Pepala lonse linali mbee, kupatula timizere tinayi pamwamba. Mayi anavala magalasi, anayang'ana pepalalo kutsogolo, n'kulitembenuza kuti aone ngati mwina zina zili kumbuyo. Kenaka anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye ukumutukwana mwana wa eni chifukwa cha ichi? Kalaliki amene akanamupatsa mesenjala envulopu yotere kwa DC akanaitanidwa yekha, osati mesenjalayo. Pa envulopu pankalembedwa dzina, udindo, nambala ya chitseko, ndiponso ngati adikire yankho kapena abwerere. Iwe wangomuuza kuti pita."

Anatenga cholembera n'kuyamba kulemba mafunso m'mphepete mwa pepala. Pa channel apa ndilembe dzina kapena nambala? Ndikafuna munthu mmodzi yekha nditani? Ndikatumiza, aona ndani? Mafoni a anthu alira kapena ayi? Ndikalakwitsa ndingabweze? Uthenga utalike mpaka pati? Ndikapeza chitseko chotseka, ndibwerere kapena ndigogode kwina? Funso lililonse ndinali nalo yankho m'mutu, ndipo pakamwa panga pankayabwa kuti ndiyankhe, koma nthawi iliyonse ndikati nditsegule pakamwa mayi amangoloza pepala. Pamenepo m'pamene ndinaona kusiyana kwa Mesenjala ndi wantchito watsopano waumunthu. Munthu akasokonezeka amatembenuka n'kufunsa woyandikana naye. Mesenjala akamadzaza fomu ija wolemba chidacho samupeza, ndiye amangoganizira chimene chikuoneka chanzeru n'kupitirira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula limeneli ndinamuikira m'mbale ndine.

Sabata imeneyo tinasiya kukangana za nzeru za Mesenjala n'kuyamba kuyesa kapepalako. Tinatsegula Slack ina yapadera, mudzi wabodza wokhala ndi anthu abodza, matchanelo abodza ndi mikangano yabodza, kuti chilichonse chikaphulika chiphulikire kumeneko. Tinasonkhanitsa ntchito zomutuma, ndipo apa mayi anaumirira chinthu chimodzi chimene ine ndikanachiphonya: ntchitozo zilembedwe mmene anthu a mu ofesi amalankhuliradi, osati mmene wolemba code amalankhulira. Palibe amene amati "tumiza uthenga ku tchanelo nambala yakuti." Anthu amati "wauze anyamata a za malonda kuti msonkhano wasintha," kapena "muyankhe uja anafunsa za galimoto dzulo." Ntchito iliyonse tinkaibwereza kangapo, chifukwa AI sayankha chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo kukhoza kamodzi kungakhale mwayi chabe. Ntchito zina tinazibisa m'kabati osaziyang'ana pamene tikukonza, kuti tisapezeke tikumulembera Mesenjala likasa la mafunso omwewo n'kumadzitama kuti wakhoza mayeso.

Zotsatira zoyamba tinaziika pa tebulo la mu kompyuta, zokhoza zobiriwira, zolephera zofiira. Tebulolo linafiira ngati tomato wa pa Lizulu.

Koma chuma chenicheni sichinali m'mitunduyo. Chinali m'kuwerenga ulendo wonse wa Mesenjala mzere ndi mzere: anaganiza chiyani, anadzaza chiyani, chida chinamuyankha chiyani, iye n'kuchitanso chiyani. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amaithawa, koma ine inandisangalatsa ngati kumvetsera mlandu wa pabwalo la mfumu pamene mboni iliyonse ikuloza munthu mmodzi, munthuyo ali ine.

Mlandu woyamba unali wa maina. Slack imazindikira tchanelo ndi nambala yake, imene kawirikawiri imayamba ndi chilembo C. Munthu ali ndi yake yoyamba ndi U, ndipo kucheza kwa awiri kuseri kuli ndi yake yoyamba ndi D. Ife anthu timaona maina okha chifukwa pulogalamuyo imatibisira manambalawo. Mesenjala sankadziwa kuti pali chida china chofufuzira nambala, chifukwa nachonso ndinachilongosola ndi mawu atatu. Izi zinakonzeka ndi ziganizo ziwiri, ndipo kamzere kotaya mauthenga pabwalo kaja ndinakachotsa ndi chimwemwe cha munthu wozula dzino lobowoka.

Wachiwiri ndiye unandikondweretsa kwambiri, chifukwa unali wochenjera. Pa Slack uthenga uliwonse umadziwika ndi nthawi imene unatumizidwa, yowerengedwa m'masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, kenaka kadontho ndi manambala ena asanu ndi imodzi. Imaoneka motere: 1718000000.123400. Ukafuna kuyankha pansi pa uthenga wa munthu, m'kagulu ka mayankho kamene amati thread, umapereka nambala imeneyo. Tsono chinthucho chimaoneka ngati nambala koma chiyenera kusungidwa ngati mawu, ngati mmene nambala ya foni ilili: suichotsera ziro poganiza kuti alibe ntchito. Ine pa fomu ndinalemba kuti pamenepo palowe nambala. Kompyuta ikaona nambala yothera ndi maziro kuseri kwa kadontho imawadula, ndipo 1718000000.123400 imasanduka 1718000000.1234. Chifukwa chake Mesenjala ankayankha bwino masiku ambiri, n'kudzasochera tsiku limene uthenga wathera ndi ziro. Ife tinkati ali ndi nyengo zake, mwina wadzuka kumanzere. Chonsecho linali liwu limodzi pa fomu.

Wachitatu ndi umene unamupatsa mbiri yoti ndi wabodza. Kangapo konse ankanena kuti watumiza uthenga, anthu n'kufufuza osaupeza. Slack ikakana pempho lako, nthawi zambiri pakhomo imakulandira bwinobwino ndi nambala 200, imene pa intaneti imatanthauza kuti pempho lafika, koma m'kati mwa yankho imalemba kuti ok ndi false n'kutchula chifukwa, monga not_in_channel, kutanthauza kuti amene akutumizayo sanalowetsedwe m'tchanelocho. Zimenezi zinalembedwa poyera m'mabuku a Slack, ndipo wosawerenga ndinali ine. Chida changa chinkangoona 200 n'kuthamanga kukauza Mesenjala kuti zatheka. Iye ankabwereza zimene wauzidwa. Apa ndinaphunzira kuti mawu amene chida chimabweza zinthu zikavuta nawonso ndi gawo la kapepala kaja, mwina gawo lofunika kuposa onse, chifukwa ndi pamene wotumidwa waima panjira osadziwa kolowera. Tsopano chida chikakanidwa chimanena momveka kuti uthenga sunapite, kuti Mesenjala sali m'tchanelocho, ndiponso kuti apemphe munthu amuitanire ndi lamulo la /invite m'malo moyesa khomo lina.

Mlandu wa chidule cha sabata unatichititsa manyazi mochedwa, chifukwa tinazindikira kuti takhala tikuwerenga zidule zopunduka kwa miyezi. Ukapempha mbiri ya tchanelo osanena kuchuluka, Slack imakupatsa mauthenga 100, pamodzi ndi kachizindikiro kopitira ku tsamba lotsatira ngati alipo ena. Komanso mayankho a m'ma thread sabwera m'mbiri imeneyo, amafuna pempho lawolawo. Ndiye taganizani mmene anthu amagwirira ntchito: wina amafunsa pabwalo kuti tigule jenereta kapena ayi, mkangano wonse n'kuchitikira pansi pa funsolo, ndipo chigamulo n'kugwera komweko. Mesenjala ankaona funso lokha, n'kulemba m'chidule kuti nkhani ya jenereta sinathe. Abwana ankadabwa kuti bwanji anthu awo samaliza nkhani. Anthu ankamaliza, kungoti Mesenjala tinamuimika pakhomo osamuuza kuti nyumbayo ili ndi zipinda.

Timilandu tina tinali ting'onoting'ono. Mesenjala ankalemba mawu okuda ndi nyenyezi ziwiri mbali iyi ndi iyi, monga zimakhalira m'malo ambiri, pamene Slack imafuna nyenyezi imodzi, ndiye mauthenga ake ankatuluka atamera nyenyezi ngati nthomba. Ankalemba dzina la munthu ndi chizindikiro cha @ poganiza kuti wamuitana, pamene kuitana kwenikweni kumafuna nambala ija ya U. Netiweki ikachedwa kuyankha ankatumizanso uthenga womwewo, moti tsiku lina m'mudzi wabodza uja analengeza katatu kuti nkhomaliro yafika. Ndipo akamatumiza mauthenga ambiri motsatizana ankagunda malire, chifukwa Slack imalola pafupifupi uthenga umodzi pa sekondi m'tchanelo chimodzi, ukapyola imakubweza ndi nambala 429 n'kukuuza masekondi oti udikire.

Wina anganene kuti AI wanzeru ayenera kuzidziwa yekha zonsezi. Zina amazidziwadi, koma nyumba iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo iye wayenda m'nyumba zambiri. Pa Telegram uthenga umodzi sungapyole zilembo 4096. Pa Discord malire a masiku onse ndi 2000. Pa WhatsApp ya mabizinesi, maola 24 akadutsa kasitomala asanakulembere, sungamutumizire mawu ongodzilembera, koma okhawo amene anavomerezedwa kale. Chida changa chinkangotchedwa send_message. Akanadziwa bwanji kuti walowa nyumba iti?

Apa ndiulule tchimo lachiwiri, chifukwa wolapa amakonda kupyola muyezo. Nditaona kuti mawu atatu anandipweteka, ndinalemba masamba. Ndinathiramo chilichonse chimene ndinkadziwa za Slack, mbiri yake, zitsanzo zambirimbiri, machenjezo pa chiganizo chilichonse. Ndinapita nawo kwa mayi ndikuyenda monyada. Anawerenga tsamba loyamba, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, munthuyu mukumutuma kapena mukumulalikira?"

Mayeso anagwirizana nawo. Malongosoledwe a zida amalowa m'mutu mwa agent nthawi iliyonse akamagwira ntchito, ndipo amadya malo amene akanasungiramo nkhani yeniyeniyo, osanenanso za ndalama, pakuti timalipira malinga ndi kuchuluka kwa mawu. Chenjezo lofunika linamira pakati pa machenjezo osafunika. Choseketsa china n'chakuti Mesenjala anakakamira zitsanzo zanga ngati nkhupakupa: chifukwa zitsanzo zonse zinkayamba ndi moni wa m'mawa, anayamba kupereka moni wa m'mawa ngakhale dzuwa litalowa. Tinadula. Lamulo la mayi linali lakuti chiganizo chilichonse chiyankhe funso limene Mesenjala anapunthwapo pa mayeso, ndipo chimene sichiyankha funso lotero chituluke. Zinatsala ndime ziwiri zazifupi, ndi mzere umodzi pansi pa malo aliwonse odzaza. Maina nawonso tinawasintha. Kale tinali ndi send_message ndi post_message, zida ziwiri zimene ngakhale ine sindinkakumbuka kusiyana kwake. Tsopano pali chotumizira pa tchanelo, choyankhira mu thread ndi chotumizira munthu kuseri, ndipo dzina lokha limakuuza chimene wagwira. Tinagwiritsanso ntchito tizizindikiro timene MCP inaonjezera mu Malichi 2025, tonena ngati chida chimangowerenga, ngati chingawononge, ndiponso ngati kuchibwereza kumabala zotsatira zina. Kutumiza uthenga ukabwereza umabwerezadi, ndiye kapepala kamanena kuti yankho likachedwa, ayang'ane kaye m'tchanelo asanatumizenso.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene siseketsa, ndipo sindingaidumphe. Ngati agent amakhulupirira kapepala chonchi, ndiye kuti wolemba kapepala ali ndi mphamvu yaikulu. Mu Epulo 2025 ofufuza a ku Invariant Labs anaonetsa kuti munthu woipa angabise malangizo m'malongosoledwe a chida, agent n'kuwatsatira mwiniwake osadziwa. Kuyambira pamenepo chida chilichonse chochokera kunja timachiwerenga kaye ndi maso athu tisanachilumikize. Ndipo pa chida chowerengera mauthenga tinalembapo kuti zimene anthu alemba m'tchanelo ndi nkhani zoti awerenge, osati malamulo oti atsatire. Chiganizo chimenecho si mpanda wokwanira, n'chifukwa chake tinachepetsanso matchanelo amene Mesenjala amaloledwa kulowa.

Tsiku lotsegula kabati ya ntchito zobisika zija, tinasonkhana anthu anayi pa laputopu imodzi, mayi ali pakati ndi kapu ya tiyi. Mizere inayamba kutsika, ikubiriwira umodziumodzi ngati dimba la m'dambo mwezi wa Ogasiti. Pa "muyankhe uja anafunsa za galimoto dzulo," Mesenjala anafufuza mbiri, anapeza funso, anatenga nambala yake yonse ndi maziro ake, n'kuyankha pansi pake penipeni. Mnzanga uja wa "mwana wako watuluka osavala" anaimirira n'kuomba m'manja yekha. Tofiira tinatsala tochepa, ndipo titawerenga tinapeza kuti kena kanali kolakwa ndi funso lathu, osati yankho lake: m'mudzi wabodza uja tinaikamo anthu awiri a dzina limodzi, Mesenjala n'kuima kufunsa kuti tikunena uti, pamene ife tinayembekeza kuti angotumiza. Mayi anati ameneyo mumupatse chobiriwira chachikulu kuposa zonse.

Chimene chinandikomera koposa chinachitika pa ntchito yeniyeni patapita masiku. Abwana anamutuma kuti alengeze kwa onse kuti Lachisanu tiweruka msanga. Inali nthawi ya usiku, iwo ali pa ulendo. Mesenjala anawayankha kuti uthenga wakonzeka, koma kuitana tchanelo chonse kuliza mafoni a aliyense ngakhale amene sali pa ntchito, ndiye kodi autumize mwakachetechete tsopano, kapena aitane onse m'mawa? Abwana anajambula yankholo n'kulitumiza kwa ife ndi mawu akuti mwana wakula. Ine ndinadziwa kuti si kukula. Ndi funso lachinayi la mayi lija, lakuti mafoni a anthu alira kapena ayi, limene tsopano lili ndi yankho lake pa kapepala.

Mkulu wa malisiti uja anatenga nthawi kuti andikhululukire, koma mwezi watha ndinamumva akuuza mlendo kuti Mesenjala ndi yekhayo mu ofesi muno amene amasunga chinsinsi. Malisiti ake amabwera pa nthawi masiku ano, kaya chifukwa cha chikumbutso cha kuseri kaya chifukwa cha chikumbumtima cha pabwalo paja.

Pepala la mawu atatu lija mayi analimata pakhoma kuseri kwa desiki yawo, pamodzi ndi mafunso awo a m'mphepete. Abwana analamula kuti chida chatsopano chilichonse chisalumikizidwe kwa Mesenjala chisanadutse pa resepishoni, wolemba wake ataima pambali, pakamwa patatsekedwa. Chotsatira pa mzere ndi cha kalendala, cholembedwa ndi mnzanga woseka uja. Dzulo ndinasuzumira pa pepala lake. Palembedwa kuti "Creates an event." Mayi avala kale magalasi.